Buku la asisi anga

Asisi anga ni SIC pa sukulu ya pulayimale m'komboni mwathu. Kuwonjezela pa kuphunzitsa Giledi 4, amathandiza aphunzitsi anzawo: amakhala kumbuyo kwa kalasi, kupenyelela phunzilo, pambuyo pake n'kukambilana na mwini kalasi.

Tsiku lina anabwela ku nyumba nkhope ili yakugwa. Mphunzitsi wina wacitsikana, wongoyamba kumene nchito, analila atawelenga zimene asisi analemba: "Kalasi la congo. Alephela kulamulila ana." Kucokela tsikulo anayamba kuwazemba, ndipo pa miting'i ya aphunzitsi anali kungokhala cete.

N'napempha kuti nione bukulo. Ku wailesi kumene nimathandizila, cinthu coyamba cimene ananiphunzitsa n'cakuti ulembe zimene munthu wakamba, osati zimene iwe uganiza za iye. Ukalemba cabe kuti "akhansala anakwiya", mkonzi wa nkhani amakufunsa kuti anakamba mawu ati, nthawi yanji.

"Asisi, apa mwaweluza mlandu," n'natelo. "Manje cinacitika m'kalasimo n'ciani?"

Anakhala cete. Anakumbukila congo cabe. Sanalembe kuti ana anali oposa 80, monga zakhalila m'makalasi ambili kucokela pamene maphunzilo aulele anayamba mu 2022. Sanalembe nthawi imene congo cinayamba, kapena cimene cinayambitsa.

Usiku umenewo tinalemba mzele pakati pa tsamba. Kumanzele kukhale nthawi na zimene maso aona. Kumanja kukhale mafunso ofunsa mphunzitsi. Pansi, cinthu cimodzi cabe coyesa, na tsiku lobwelanso. Maina a ana osalemba. Ndipo woyamba kuwelenga tsambalo akhale mphunzitsi mwini wake. M'buku la SIR, limene ahedi na ocokela ku zoni amaona, mulowe cabe tsiku, mutu wa phunzilo na zimene awiliwo agwilizana.

Panapita milungu itatu mtsikana uja asanavomele kuti asisi alowenso m'kalasi mwake. Tsamba la tsikulo linali tele: "09:10, afunsa funso, ana 6 akweza manja, onse a kutsogolo. 09:18, alemba pa bolodi atafulatila kalasi kwa mphindi 7, a kumbuyo ayamba kusewela."

Anawelenga kawili. Ati, "Mphindi 7? Ine n'naona monga ziwili." Iye mwini ndiye anaganiza zoyamba kulemba pa bolodi ana asanalowe.

Congo cikalipo, sininganame. Ana 80 ni ana 80. Koma sabata yatha anabwela yekha kwa asisi kufunsa ngati angabwelenso pa Cinayi kudzaona phunzilo la masamu.

Ambili a imwe mudzapatsidwa buku tsiku lina kuti mulembe za nchito ya munthu wina, kaya ku sukulu, ku kiliniki kapena mu shopu. Musanatseke bukulo, dzifunseni ngati mwini wake angawelenge tsambalo n'kuvomela kuti n'zimenedi zinacitika.