Boma Lataya Cingwe, Nanga Ife Miyala Taitaya?

Pa 23 Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa cilango ca imfa m'buku la milandu la dziko lathu la Zambia. Cingwe ca ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe cinagwira nchito komaliza mu Januwale 1997, pamene anthu 8 ananyongedwa, ndipo mu Febuluwale 2023 akaidi 390 oyembekeza imfa anawasinthira cilango kuti akhale m'ndende moyo wao wonse. Kucokera pamenepo funso limodzi silikutha m'miphakati yathu kuno ku Livingstone: ngati Malembo Oyera amalola kuti wakupha aphedwe, kodi boma silinapose Mulungu cifundo? Ndipo ngati lamulo lacisanu likutiletsa kupha, bwanji m'Cipangano Cakale muli magazi ambiri cotere?

Abale ndi alongo, tiyeni titsegule Buku Loyera mosathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Cilamulo ca Mose sicinaike imfa zonse m'dengu limodzi. Pa Deuteronomo 19 tikumva za anthu awiri amene apita kuthengo kukadula mitengo. Nkhwangwa ya wina iguluka mumpini n'kupha mnzake. Munthu wotere sanaphe mwadala, ndipo Numeri 35 akuchula mizinda 6 kumene ankathawira kuti abale a womwalirayo asalipsire mlandu usanazengedwe. Koma wobisalira mnzake cifukwa ca cidani analibe pothawira. Ngakhale iyeyo sankaphedwa pa umboni wa munthu mmodzi yekha.

Pa Eksodo 22 pali nkhani ya mbala. Mwini nyumba akakantha mbala yoboola nyumba usiku, mbalayo n'kufa, alibe mlandu wa magazi, popeza mumdima sadziwa ngati wolowayo wadzera katundu kapena moyo wa ana ake. Koma dzuwa likatuluka, kupha mbala yomweyo ndi mlandu. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2263 mpaka 2265, akuphunzitsa cimodzimodzi: kuteteza moyo wathu ndi wa amene tikuwasunga n'kololedwa, mwinanso ndi udindo, koma colinga cikhale kupulumutsa moyo, osati kulipsira. Wopyola muyeso walakwa.

Palinso kupha kumene dzanja silioneka. Mfumu Davide sanagwire lupanga pa imfa ya Uriya; anangolemba kalata kuti amuike patsogolo pa nkhondo. Komabe mneneri Natani anamuloza cala iye mwini. Ndipo Deuteronomo 22 akulamula womanga nyumba kuti aike kampanda kuzungulira denga, kuti wina akagwa magazi asakhale pa iye. Dalaivala amene wacoka m'bawa n'kuthamangitsa galimoto pa mseu wa Mosi-oa-Tunya sangabisale m'mau akuti inali ngozi. Iye si munthu wa nkhwangwa uja. Ndi womanga amene anakana kuika kampanda.

Tikaika zonsezi pamodzi tikuona cinthu cimodzi. Mulungu anasiyanitsa mitundu ya kupha kuti agwire dzanja la wolipsira ndi kucepetsa magazi, osati kuti atipatse zifukwa zophera. Wakupha woyamba, Kaini, Mulungu anamulanga ndithu, koma anamuika cizindikiro kuti wina asamuphe. Ambuye Yesu, pa Yohane 8, anabalalitsa khamu limene linali lokonzeka kuponya miyala mai wogwidwa m'cigololo, pongowakumbutsa macimo ao. Potsata njira yomweyo, Papa Yohane Paulo II analemba mu 1995, m'kalata yake ya Evangelium Vitae, kuti masiku ano n'kosowa kwambiri kupeza mlandu umene cilango ca imfa cingafunike. Mu 2018 Papa Fransisko anakonza nambala 2267 ya Katekisimu kunena kuti cilangoci n'cosaloledwa, popeza ndende zingateteze anthu popanda kulanda wolakwa mpata wolapa. Tsono boma silinapose Mulungu cifundo. Langofika kumene Uthenga Wabwino unali kulozera.

Koma cingwe catayidwa ku Kabwe, miyala ikali m'manja mwathu. Kumayambiriro kwa 2020, mbiri za anthu opopera mpweya wapoizoni m'nyumba zitayamba ku Chingola n'kufalikira dziko lonse, anthu makumi angapo anaphedwa ndi makamu okwiya, ena kutenthedwa, opanda woweruza, opanda mboni. Izi zinacitika m'dziko limene mu 1991 linalengezedwa kuti ndi la Cikhristu. Ndipo tonse tikudziwa mmene mtima umadumphira tikamva mfuu yakuti "Kawalala!" pamsika, kaya ku Maramba kaya ku Dambwa. Tiyeze mcitidwe umenewu ndi Cilamulo ca Mose comwe ena amacikonda: ndi masana, mbala yagwidwa kale, cobedwa ndi foni kapena citenje, mlandu sunazengedwe. Ngakhale Mose akanati apa pali mlandu wa magazi, ndipo uli pa aliyense amene anaponya mwala, ndi pa amene anakuwa kuti amenyedwe.

Sitikupeputsa ululu wa wobedwa, kapena misozi ya mai amene mwana wake anaphedwa ndi zigawenga. Mabanja otere ayenera kuona cilungamo, ndipo miphakati yathu iwayendere maliro atatha, pamene ena onse abalalika. Tikudziwanso kuti milandu imacedwa ndipo anthu amatopa. Koma makolo athu anati mlandu suola, anatinso madzi akatayika saoleka. Wogwidwa lero angaweruzidwe mawa. Wophedwa molakwika palibe khoti limene lingamudzutse.

Conco, Mkhristu akapezeka pakati pa khamu lotere, nchito yake ndi kuitana apolisi, kuletsa acinyamata amene amamumvera, ndi kukana kutola mwala. Tiphunzitse ana athu zimenezi kunyumba, asanaziphunzire mwina pamseu. Moyo wa wosalakwa ndi wa wolakwa yemwe, mwini wake ndi Mulungu.