Dzina Lotanthauza Wosakumbuka

Funsani aliyense wa msinkhu wanga za timu ya Cameroon ya mu 1990. Akuuzani za François Omam-Biyik, amene chigoli chake cha mutu chinagwetsa Argentina ya Maradona mumzinda wa Milan. Akuuzani za Roger Milla wa zaka 38, zigoli zake zinayi ndi gule wake wa pakona. Mukafunsa za mphunzitsi amene anafikitsa timu ya mu Africa mu ndime ya matimu asanu ndi atatu kwa nthawi yoyamba, pamagwa bata.

Anali Valery Nepomnyashchy, wobadwa mu 1943 ku Russia. Mpira anasewera ndithu, koma wosapita nawo patali, ndipo uphunzitsi anauyambira ku Ashgabat, kutali ndi maso a Moscow. Ku Cameroon anafika mu 1988.

Poti ntchito yanga ndi ya zilankhulo, chimene chimandikoka ndi dzinalo. M'Chirasha limatanthauza "wosakumbuka". M'nthawi ya mafumu a ku Russia linkalembedwa pa anthu oyendayenda amene, akagwidwa, ankati sakukumbuka kwawo kapena mtundu wawo. Wosakumbuka uja wasanduka wosakumbukiridwa.

Kodi cholakwa n'cha lilime? Mbali ina inde. "Milla" amatsetsereka m'kamwa mwathu ngati dzina la pamudzi: maphatikizo awiri, onse othera ndi lembo la liwu. La mnzakeyo limayamba bwino, pakuti "mny" timam'dziwa kale mu "mnyamata", koma pa "shch" lilime limagwa ulesi. Dzina limene woulutsa mpira akulizemba silifika pabwalo la zokambirana.

Komabe sindikhutira ndi yankho limeneli. Ku South Korea, kumene anaphunzitsa timu ya Yukong m'zaka za m'ma 1990, dzinalo linawavutanso, koma analidula n'kukhala "Nipo", ndipo kaseweredwe kake kopatsirana mpira anakatcha ndi dzina lomwelo. Anthu akam'funa munthu, lilime amalipezera njira.

Ife sitinam'fune kwenikweni. Nkhani ya 1990 tinkafuna ikhale yathu yonse, ndipo mzungu wachete, wolankhula ndi anyamata ake kudzera mwa womasulira, sankakwanamo. Ngakhale kuitanidwa kwa Milla kuchokera ku chilumba cha Réunion kumasimbidwa ngati lamulo la Pulezidenti Paul Biya. Chilakolako chotero ndimachimvetsa; makochi a ku Ulaya adya kale ulemu wambiri wosaugwirira ntchito m'dziko la Africa. Koma panali munthu amene ankasankha mphindi yolowetsera Milla kuchokera pabenchi, ndipo zigoli zonse zinayi zinabwera motero.

Kwawo nakonso mbiri yake inali yovuta kuisimba. Pa mpikisano womwewo, Cameroon yake inachapidwa 4-0 ndi Soviet Union, koma inatsogola m'gululo, pamene anzake a kwawo anathera pansi n'kunyamula katundu.