Funso la Achemwali ndi Ndalama za Kafukufuku

Kwathu ku Mtakataka anthu akamva kuti mwana wa uje ndi dokotala, amayembekezera jakisoni. Achemwali anga ndi dokotala wosabaya jakisoni. Anatenga digiri ya PhD ku Cape Town pa maphunziro a neuropsychology, omwe amafufuza mmene matenda kapena kuvulala kwa ubongo kumasinthira kukumbukira, kuyankhula ndi khalidwe la munthu. Amayi mpaka lero amangoti, "Amayeza nzeru za ana."

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti digiri yotereyi ikatha, palibe ofesi imene imakudikira. Pamabwera zaka zotchedwa postdoc, pamene wofufuza wachinyamata amakhala akusulidwabe pansi pa akuluakulu, ndipo malipiro ake amachokera ku mabungwe opereka ndalama za kafukufuku. Mu 2023 achemwali anafika pamphambano.

Njira yoyamba inali ntchito ya zaka ziwiri mu kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi mapulofesa akunja. Malipiro mwezi ndi mwezi, galimoto yopitira m'midzi, dzina lawo pakati pa olemba malipoti. Koma funso la kafukufukuyo linali litafunsidwa kale, zida zoyezera ana zitasankhidwa kale. Iwo anali oti azikayeza ndi kutumiza manambala.

Njira yachiwiri inali kupempha thandizo lokuza wofufuza mwiniwakeyo, lomwe limapatsidwa kwa munthu ndi funso lake. Bungwe la Wellcome la ku Britain linali ndi Early-Career Award: malipiro a zaka zisanu ndi ndalama zogwirira ntchito zofika mapaundi 400,000. Nthambi ya Fogarty ya ku America inali ndi K43, yofikanso zaka zisanu, koma inkafuna kuti wopempha akhale kale pa ntchito kusukulu ya ukachenjede kapena kumalo a kafukufuku kwawo, komanso akhale ndi alangizi awiri, wina wa ku America wina wa kwawo. Vuto lake n'lakuti kulemba pempho lotere kumadya miyezi, yankho limachedwa, ndipo okanidwa amachuluka kuposa osankhidwa.

Nkhaniyi itafika pakhonde, amayi sanachedwe. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe. Tenga ntchito yomwe ilipoyo." Ine ndinakhala chete, pakuti fizi yanga ya ku yunivesite inkachokera m'thumba la achemwali omwewo. Atsibweni anati angotenga zonse ziwiri. Achemwali anawafotokozera mwaulemu kuti thandizo lachiwirilo limafuna pafupifupi nthawi yonse ya munthu, ndiye mapanga awiri akanawavumbwitsa.

Chimene chinkawasowetsa tulo chinali pafupi, kunyumba kwa azakhali. Dera lathu, kuchokera ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka kunyanja, ndi lotsika komanso lotentha. Madzi amene amabereketsa mpunga ku Bwanje ndi omwenso amalera udzudzu. Mwana wa azakhali anadwala malungo a muubongo ali ndi zaka zinayi, anakomoka masiku atatu, n'kutsitsimuka. Tonse tinathokoza Mulungu. Koma mnyamatayo anabwereza Sitandade 3 kawiri. Ukamutuma mchere ndi machesi, amabwera ndi chimodzi. Ena amati n'kupusa, ena amati n'kulodzedwa.

Malawi ndi dziko lodziwika pa kafukufuku wa matendawa. Ku Blantyre, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux ndi anzawo anafalitsa mu 1989 muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Score. Mu 2015 makina a MRI a pa chipatala cha Queen Elizabeth anathandiza kuonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ambiri mwa anawa. Kafukufuku wa Gretchen Birbeck wa mu 2010 anapeza kuti mwa ana 132 opulumuka, 12 anadzayamba kugwa khunyu. Nanga amene sagwa, koma angokhala kumbuyo kwa kalasi osatola kanthu, timawayeza ndi chiyani?

Apa ndi pamene maphunziro anga a ziyankhulo anakumana ndi a achemwali. Mayeso ambiri a ubongo anabadwira m'Chingerezi. Ena amati mwana atchule mawu ambiri oyamba ndi chilembo chimodzi mu mphindi imodzi. M'Chichewa ukamupatsa "k", wochenjera angoyalapo kudya, kugona, kulima, kuseka, osapuma, ndipo sunayeze chimene umafuna. Ena amati abwereze manambala amene wamva. Koma "seveni" ndi liwu limodzi, pamene "zisanu ndi ziwiri" ndi mawu atatu, ndipo mawu aatali amadzaza msanga mutu. Mayeso otchuka a Boston otchula zithunzi ali ndi kanyumba komangidwa ndi chipale. Mwana wa ku Mtakataka akalephera pamenepo, walephera ndi ubongo wake kapena mayesowo? Zoona, chida cha MDAT chimene Melissa Gladstone ndi anzake anafalitsa mu 2010 chinapangidwira ana a kuno, ndipo chili ndi zoyesa 136. Koma chimalekezera pa ana a zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Achemwali ankafuna chida cha m'Chichewa cha ana a msinkhu wa sukulu.

Sindikunyoza ntchito ya mu kafukufuku wa ena. Akatswiri athu ambiri anaphunzirira momwemo, ndipo wopanda malipoti osindikizidwa sangapikisane pa thandizo lalikulu. Koma achemwali anali nawo kale malipoti angapo a PhD yawo. Zaka ziwiri zina zikanawonjezera dzina lawo pamapepala, osasuntha funso lawo ngakhale phazi limodzi, ndipo mathandizo a ongoyamba kumene ali ndi malire a zaka: ukachedwa, khomo limatsekeka. K43 anaisiya chifukwa analibe mlangizi wa ku America. Boma la dzikolo litadula thandizo lambiri lopita kunja mu 2025, ngakhale amayi anasiya kuwakumbutsa za madola.

Ntchito ija anaikana. Anayamba kuphunzitsa mwaganyu ku Lilongwe uku akulemba pempho usiku, ndipo ine ndinachoka m'chipinda cha ndekha n'kukapanikizana ndi anzanga atatu. Popeza oweruza mapempho amafuna kuona kuti wayambapo kale, achemwali anapeza chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha makolo, ndipo patchuthi ndinawathandiza kuyesa mafunso awo pa ana 20 a kwathu.

Tinasiya zilembo n'kusankha funso lomwe tinkaliyesa losavuta: "Tchula nyama zonse zimene ukuzidziwa." Mnyamata wina anayamba chambo, kampango, mlamba, usipa, mcheni, ndipo tinatsutsana madzulo onse ngati nsomba ziwerengedwe. Kamtsikana ka Sitandade 2 kanayang'ana wotchi ya achemwali, kenaka kanafunsa, "Anti, nyama yake yamoyo kapena yophika?" Funsolo talilembanso katatu.