Kodi biliyoni ndi ndalama zingati, agogo?

Pa wailesi, miliyoni ndi biliyoni zimasiyana ndi chilembo chimodzi basi. Khutu siliona maziro, ndipo wowerenga nkhani sabwereza. Ukangotembenuka kuti usonkhezere moto, nambala yadutsa.

Kwathu ku Malingunde, wailesi ikadali nyuzipepala ya anthu ambiri. Agogo anga saphonya nkhani pa MBC ndi Zodiak, koma akamva za mabiliyoni amangoti, "Ndi zambiri ndithu," nkhani n'kuthera pomwepo. Si umbuli ayi. Pa msika wa Mitundu palibe angawapusitse pa mtengo wa ndowa ya chimanga. Vuto ndi loti nambala imawafikira yopanda pogwira.

Taganizani izi. Mutamawerenga kwacha imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, miliyoni mungaimalize m'masiku 12. Nanga biliyoni? Zaka pafupifupi 32! Mwana wobadwa tsiku lomwe mwayamba kuwerenga akhala ali ndi banja lake kale.

N'chifukwa chake ndikamalemba nkhani yoti imvedwe ndi khutu, ndimayamba ndadzifunsa kuti agogo aiona bwanji nambalayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17,563,749. Pa wailesi ndi bwino kungoti "anthu oposa 17 miliyoni ndi theka", kenako n'kuwonjezera kuti angadzaze bwalo la Bingu National Stadium maulendo oposa 400. Madzi a m'madamu a Kamuzu kuno kwathu, omwe amamwetsa mzinda wa Lilongwe, amayezedwa m'ma cubic metre. Imodzi yokha ndi zigubu 50 za malita 20, ndipo chigubu aliyense anachisenzapo.

Pa ndalama za boma ndi pomwe nkhaniyi imakula. Mu 2020 boma linaika K160 biliyoni ku pulogalamu ya AIP, alimi n'kumagula thumba la feteleza pa K4,495. Mutagawa ndalamazo kwa Amalawi onse, aliyense, ngakhale khanda, angalandire pafupifupi K9,000. Ikamveka choncho, funso limabwera lokha: nanga fetelezayo anafika mvula isanagwe?

Munthu safunsa za nambala yomwe sakuimvetsa. K2 miliyoni ndi K2 biliyoni zikamamveka chimodzimodzi, wakuba wamkulu amabisala kumbuyo kwa wamng'ono. Ndiye inu amene muli ndi foni, mukawerenga za bajeti musangoti "eeh!" Tsegulani kakyuleta, gawani, ndipo akuluakulu kunyumba muwauze m'matumba, m'zigubu ndi m'masiku.