Chichewa chimene chinatuluka m'nyumba ndi gitala

Ku Chitungwiza, kummwera kwa mzinda wa Harare, kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Kwa zaka zambiri Chichewa chawo chinali cha m'nyumba, cha pamaliro ndi cha kudambwe. Mwana ankachisiya pachipata cha sukulu poopa kutchedwa mubhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, lomwe linkatchulidwa monyoza.

Mayi wina wa ku St Mary's anakula chotero. Agogo ake aamuna anali a ku Dedza, koma iye ankayankha m'Chishona ngakhale pamene amuyankhula m'Chichewa. Zinasintha mu 2000, pamene Alick Macheso ndi gulu lake la Orchestra Mberikwazvo anatulutsa chimbale cha Simbaradzo. Macheso anabadwira ku Shamva mu 1968, anakulira pafamu, ndipo luso analinolera kwa Nicholas Zakaria mu Khiama Boys asanayambitse gulu lakelake. Gitala ya besi, imene m'magulu ena imangogunda kumbuyo, m'manja mwake inkatsogolera nyimbo. Kaseti ija inkalira m'makombi a pa Makoni ndi pa Chikwanha kuyambira mbandakucha, ndipo nyimbo imene inkabwerezedwa kwambiri inali ya m'Chichewa, Mundikumbuke.

Mawu amodzi amenewa ngoyenera kuwayang'anitsitsa. Mshona amamva mu- waulemu, amamva -ndi-, amamvanso -e wopempha wa kumapeto, pakuti zonsezi zilimo m'chinenero chake. Chimene chimamusowa ndi tsinde lokha, -kumbuk-, poti iye amati -rangarira kapena -yeuka. Choncho anzake a mayiyu, omwe aja ankamuseka, ankaimba nawo mpaka kufika pa tsindelo, kenako n'kutembenukira kwa iye kuti awamasulire. Kanali koyamba kuti wina amufunse za chinenero cha agogo ake mopanda chipongwe.

Chaka chotsatira, mu 2001, lamulo la unzika linakhwimitsidwa, ndipo ambiri obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lobadwira. Dziko linkavina nyimbo ya Chichewa uku eni chinenerocho akuima pamzere kuti atsimikize kuti ngakonkuno. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo anadzabwezera unzikawo, n'kuika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Koma m'makombi chinali chitavomerezeka kale zaka 13 m'mbuyomo.

Alipo ena a ku Lilongwe ndi ku Chipata amene amati Chichewa cha Macheso nchosakanizika, chodzaza Chishona. Nchosakanizikadi. Koma ndicho chimene chimayankhulidwa m'makomboni a ku Shamva ndi ku Mazowe, ndipo kuchiyeza ndi buku la galamala la kusukulu nkuiwala mtunda umene chinayenda wapansi.

Mayiyu anaonana ndi woimbayo kamodzi kokha, panja pa Aquatic Complex, malo osambirira amene anamangidwira masewera a All-Africa Games a 1995, komwe gululi linkakonzekerera nyimbo. Anali atakonza mawu ambiri m'Chishona. Atafika pafupi, ananjuta n'kungoti, "Muli bwanji, bambo?" Moni anabwera m'Chichewa, pamodzi ndi funso limene Achewa safuna kulidumpha, lofunsa kwawo kwa munthu. Iye anatchula Dedza, ngakhale kuti phazi lake linali lisanapondeko. Kucheza konse sikunathe mphindi ziwiri, ndipo chithunzi sanajambulitse.

Madzulo ake anapita kwa azakhali ake ku Zengeza kukafunsa dzina la mudzi ndi la mfumu yake. Azakhaliwo anakumbuka mudzi, koma dzina la mfumu linawatuluka, ndipo anagwirizana zokafunsa mkulu wina wa gule amene anabwera m'sitima imodzi ndi agogo aja.