Kufunafuna Mawu Abwino a Ng'oma

Anyamata ndi atsikana ambiri pano pasukulu akonda kupanga nyimbo pa kompyuta, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo. Pa zonse zofunika m'nyimbo, chimene chandisowetsa tulo koposa ndicho ng'oma. Chotero ndati ndikuuzeniko zimene ndaphunzira, kapena zingathandize anzanga a m'kalabu yathu ya zoimbaimba.

Pa intaneti pali mawu a ng'oma osawerengeka, ena aulere, ena ogula. Koma ukawaika m'nyimbo, khutu lizindikira msanga kuti palibe munthu amene akuliza ng'omayo. Chifukwa chake nchakuti makina abwereza kugunda kumodzimodzi nthawi zonse, pamene dzanja la munthu siligunda kawiri mofanana. Pakati pa chikopa ng'oma itulutsa mawu aakulu, m'mphepete mawu aang'ono, ndiponso zala ndi chikhatho ziliza mosiyana.

Pa tchuthi chapitachi ndinafunsa amalume anga, amene aliza ng'oma pa chimtali kumudzi kwathu. Iwo anandiseka nati, "Mphwanga, ng'oma yozizira siilankhula." Tsono anandionetsa zinthu ziwiri. Choyamba, chikopa chilefuka ndi chinyontho, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo chiyenera kuotha moto kuti chikungike ndi kukweza mawu. Chachiwiri, akafuna mawu aakulu amata phula pakati pa chikopa, pakuti chikopa cholemera chinjenjemera pang'onopang'ono. Awonjezera kapena kuchotsa phulalo kufikira khutu lawo litavomera. Apa ndinaona kuti ntchito yaikulu ichitika maikolofoni isanafike nkomwe.

Titabwerera kusukulu tinabwereka ng'oma ya kwaya, ndipo tinaphunzira chinthu chachitatu, ndicho malo. M'kalasi zipupa ndi simenti zibweza mawu, kotero kuti kugunda kulikonse kuponda pa kunzake. M'nyumba yathu yogona, mmene muli mabulangete ndi matiresi ambiri, mawu amveka oyera. Maikolofoni ikayandikira kwambiri mawu aphwanyika. Ikatalikira mumva chipinda koposa ng'oma. Ife tiika patali ngati mkono umodzi, ndipo tijambula kugunda kulikonse kangapo, mofatsa ndi mwamphamvu, kuti m'nyimbo tizisinthanitsa. Woliza asamenye ndi ukali wake wonse, paja akulu anati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.

Koma musaganize kuti chipinda chobweza mawu nchoipa nthawi zonse. Ku England gulu la Led Zeppelin linaika ng'oma za John Bonham pansi pa masitepe a nyumba yakale yotchedwa Headley Grange, nilipachika maikolofoni ziwiri zokha pamwamba. Nyimboyo, "When the Levee Breaks", inatuluka m'chaka cha 1971, ndipo opanga nyimbo ambiri atengako mawu a ng'oma zimenezo kuika m'nyimbo zawo. Chofunika ndi kumvetsera malowo ndi kusankha ndi khutu.

Ng'oma zathu nazonso zinajambulidwapo bwino kale. Bambo Hugh Tracey anayendera midzi ya dziko lino pakati pa zaka za 1950 ndi 1958, atagwira maikolofoni m'dzanja, namaisendeza kwa woimba uyu ndi uyo. Nyimbozo zisungidwa ku International Library of African Music, imene iwo anakhazikitsa m'chaka cha 1954, ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Ine chimandikhudza nchakuti mlendo anayenda ulendo wautali chotero kutsata mawu amene ife tiwasiya kuseri kwa nyumba, nkumakatola ena pa intaneti.

Anzanga, odziwa kusema ng'oma, kuwamba chikopa ndi kumata phula ambiri ndi okalamba. Tikapitiriza kutenga mawu amene aliyense atenga, nyimbo zathu zidzafanana ndi za kwina kulikonse, ndipo womvera sadzadziwa kumene tichokera. Chifukwa cha ichi ndikupemphani kuti pa tchuthi chikudzachi aliyense apite kwa woliza ng'oma wa kwawo, apemphe chilolezo mwaulemu, najambule ngakhale ndi foni yokha. Alembenso dzina la ng'omayo ndi gule wake, kaya ndi mganda, chimtali kapena manganje. Tikabwerako tidzasonkhanitsa zonse m'kalabu, kuti amene adzalowa Fomu 1 chaka cha mawa adzapeze poyambira.

Mnyamata wa Fomu 3