Peugeot ya Amalume pa Thope la Chilwa

Anthu ambiri akamva za mpikisano wa galimoto amangoganiza za liwiro: fumbi lili koboo, injini ikulira ngati ing'ambika, dalaivala atalumitsa mano. Koma mpikisano umene amautcha rally suchitikira m'bwalo losalala. Galimoto zimanyamuka imodziimodzi, motalikirana mphindi zingapo, ndipo mdani wake ndi wotchi, msewu woipa ndi zitsulo zake zomwe. Ku East Africa, mu Safari Rally ya 1963, galimoto 84 zidanyamuka koma zofika kumapeto zidali 7 zokha, ndipo yotsogola idali Peugeot 404. Mu 1965 Joginder Singh ndi mbale wake Jaswant adapambana pa Volvo yogula kwa wina, imene adaikonza ndi manja awo. Kwa anansi athu ku Zambia, Satwant Singh adakhala katswiri wa Africa yense maulendo 8 pakati pa 1988 ndi 2000. Ife a kuno ku Zomba mbiri zotere tinkangozimva pa wailesi, ndipo tikadapitiriza kungozimva Nyanja ya Chilwa ikadapanda kuuma mu 1995.

Amene mudapitako ku Kachulu mukudziwa kuti Chilwa ndi nyanja yosazama, ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo, dzuwa nkumamwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayo imathawa, monga idachitira mu 1968. Chaka cha 1995 idathawanso, mabwato nkutsala chagada pouma, anthu nkumapita ku Chisi pansi kapena pa njinga. Amalume adali ndi pikiyapu ya Peugeot 404 imene ntchito yake idali kututa matemba ndi milamba yowamba kuchokera padoko kupita ku msika wa Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Galimoto imeneyo ndiyo inkadyetsa nyumba yawo, ndipo ndiyo inkandigulira sopo ndi mapepala pamene ndinkaphunzira pa Chancellor College. Nsomba zitatha, amalume ndi madalaivala anzawo adasanduka anthu ongokhala pansi pa mtengo, kusewera bawo ndi kukangana kuti ndani amaudziwa bwino msewu. Mkangano umenewo ndiwo udabala mpikisano. Adasonkherana ndalama nagula mbuzi yoti ikhale mphotho, napita kwa amfumu kukapempha njira za m'madambo, kutali ndi midzi ndi sukulu.

Akazi awo a malume sadakondwe nazo. "Inu bambo," adatero, "galimotoyi ikathyoka msana, nyanja ikadzabwerera mudzanyamula matemba pamutu?" Amalume adangoti, "Mayi, sindikupita kukaiphwanya, ndikupita kukaisonyeza." Komabe mawu aja adawalowa, pakuti pa masabata atatu amene tidakhala tikuikonza, chilichonse adachichita ngati munthu amene akuopa mlandu wa kunyumba.

Kukonzako kudayambira pansi. Chimene chimapha galimoto pa msewu wa miyala ndi kuboola chiwaya cha oyilo kunsi kwa injini, choncho tidadula chitsulo chochindikala kwa owotcherera ku Matawale nkuchimanga pamenepo ndi mabawuti. Mapaipi a mabuleki ndi a petulo tidawakulunga ndi zidutswa za payipi ya madzi kuti mwala ukathamanga usawadule. Kumbuyo, masipuling'i amene adazolowera kusenza madengu adali olimba kwambiri kwa galimoto yopanda katundu, moti ikadangodumpha ngati chule. Amalume adamangirira matumba awiri a mchenga pamwamba pa ekiselo kuti matayala akumbuyo, amene ndiwo amakankha 404, agwire pansi. Rediyeta tidaitsuka kawiri, kabuleta tidaimasula yonse pa nsalu yoyera, ndipo batire tidalimanga ndi lamba wachitsulo. Kumbuyo kwa kabini adawotchererako uta wa paipi yochindikala woti utiteteze galimoto ikagubuduka. Malamba a pampando tidakachotsa m'galimoto yakufa, zipewa tidabwereka kwa a njinga zamoto. Zina zonse zidali fanibeluti yapadera, mapulagi, jeki, matayala awiri, khasu, thabwa ndi chigubu cha madzi.

Ine ntchito yanga sidali ya sipanala. Mu rally mumakhala anthu awiri: wogwira chiwongolero ndi wowerenga njira. Wachiwiriyu amalemba msewu wonse m'kope mpikisano usadachitike, ndipo patsikulo amauza dalaivala chimene chili kuseri kwa khona maso asadachione. Amalume adati, "Iwe mphwanga, si paja umati umalemba kusukulu kwanuko? Tilembere msewu." Ndidayenda njira yonseyo pa njinga masiku awiri, nkumalemba: kumanja pang'ono, mapazi 200, mchenga, kumanzere kwambiri, chulu mkati, mlatho wa mitengo, lowani pakati. Kulemba kumeneku kudali kovuta kuposa nkhani iliyonse imene ndidawerengapo pamaso pa anzanga Lachinayi madzulo. Mawu aliwonse ayenera kumveka pamwamba pa phokoso la injini, ndipo mawu okometsera alibe malo.

Panjirapo padali malo amodzi pamene msewu umazungulira gombe lakale ngati uta, pomwe kudutsa pa nyanja youma kukadafupikitsa ulendo ndi theka. Malamulo athu sadaletse kudula. Pamwamba pake padali pouma gwa, pong'alukang'aluka, poyera ndi mchere, posalala kuposa msewu wa tala. Ndikuyang'ana malowo ndidakumana ndi mkulu wina, msodzi, akuchokera ku Chisi atanyamula nsungwi yake yopondera bwato. Nditamufotokozera adaseka, nanditenga mpaka pakati. Adabaya nsungwi ija pansi. Idaboola chikhungwa cha pamwamba nkulowa yokha mpaka kupyola mkono, ndipo potuluka idali ndi thope lakuda lonunkha. "Mwana wanga," adatero, "njinga ipita, munthu apita, koma chitsulo chanucho nyanja ichisunga. Apa ndi pamene mtsinje unkalowera." Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. M'kope mwanga ndidalemba mawu amodzi akuluakulu: ZUNGULIRANI.

Patsikulo padabwera galimoto 8, zambiri mapikiyapu a Datsun ndi Peugeot, ndi Toyota imodzi yatsopanoko ya mnyamata wa m'tauni. Aphunzitsi awiri a pulayimale adakhala ndi mawotchi poyambira ndi pothera, ndipo anyamata a mbendera zofiira adaima m'mphambano kuingitsa mbuzi ndi ana. Ife tidanyamuka achisanu. Za makilomita oyamba sindikumbuka maonekedwe a dziko, chifukwa maso adali pa kope, mawu ndikufuula, chipewa chikugunda denga. Ndimakumbuka dzanja la amalume likusewera ndi giya ya pa chiwongolero ija, ndi fungo la nsomba zakale limene kutentha kudalidzutsa m'matabwa. Tidapyola Datsun imodzi itaphulika tayala, ina ikufuka nthunzi.

Tikuyandikira gombe lija, Toyota imene idanyamuka pambuyo pathu idatipeza, nitipitirira, nikhotera kumanja kulunjika pa nyanja. Fumbi lake loyera lidakwera mokongola ndithu. Amalume adachepetsa moto. Ndidaona nsagwada zawo zikugwedera.

"Mphwanga, wapita uyo. Tidule?"

"Zungulirani, amalume."

"Ukunena zoona? Taona mmene akuulukira!"

"Zungulirani. Ndidaona ndi maso anga."

Munthu wa zaka zoposa 50, amene adagwira chiwongolero ine ndisadabadwe, kumvera mwana wa mlongo wake pamene mnzake akumusiya poyera, si chinthu chapafupi. Adatukwana pang'ono, nakhotera kumanzere. Tili pakati pa uta uja ndidaba diso limodzi kuyang'ana kunyanja. Fumbi loyera lija lidali litaleka. Toyota idali itaima, mphuno pansi, ngati ng'ombe yomwa madzi, ndipo Peugeot ina imene idaitsatira idali itamira mpaka m'zitseko. Amalume sadanene kanthu. Adangowonjezera moto pang'ono.

Zofika kumapeto zidali galimoto 3, ndipo ife tidali achiwiri. Mbuzi adatenga mkulu wina wa Datsun amene adayenda mofatsa chimodzimodzi, koma wopanda matumba a mchenga omulemera. Galimoto ziwiri zija zidatuluka patapita masiku, atazikumba ndi makasu nkuzikoka ndi ng'ombe, ndipo imodzi sidayendenso. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Pa gombe la Chilwa mwambiwu uli ndi mtengo wake wa injini.

Madzi atabwerera, matemba atayambanso kugwidwa, 404 ija idabwerera pa ntchito yake, chitsulo cha kunsi ndi uta wa paipi zili pomwepo, ndipo idandiphunzitsa mpaka kumaliza. Nyanja idaumanso kwambiri mu 2018, ndipo Safari Rally, imene idachoka pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse itatha ya 2002, idabwereranso mu 2021 ndi galimoto za makompyuta. Wophunzira amene angafune kuyesa masewerawa ndi galimoto yakale ya kwawo ndingamuuze kuti ndalama zoyamba azigulire chitsulo cha kunsi, malamba ndi chipewa, liwiro lidikire. Ndipo asadalize injini, atenge njinga ndi kope, akafunse eni malo.

Madzulo a tsiku la mpikisano wopambana uja adapha mbuzi yake, nagawira onse. Amalume adatenga mwendo umene adapatsidwa, naukulunga m'masamba a nthochi, nandituma kuti ndikafunefune msodzi wa nsungwi uja. Ndidampeza akusoka ukonde, ngakhale kuti madzi adali kutali ndi mudzi wake ulendo wa tsiku lathunthu.